Penti woyambira kujambula zithunzi pakhomo: watercolour, acrylic, oil, enamel kapena dothi?

Munthu akayamba kukonda zojambulajambula, nthawi zambiri pamakhala katswiri wina amene wamutenga mtima. Mwina waona chithunzi chake pafoni, mwina pakhoma ku La Caverna, malo oonetsera zojambula ku Mandala House mu Blantyre, ndiye mumtima amati nanenso ndikufuna ndizijambula chonchi. Kenako amafufuza kuti katswiriyo ankagwiritsa ntchito penti wanji, n'kuyamba kusunga ndalama zoti akagule yemweyo. Ambiri amathera pomwepa. Machubu asanu odula aja amafinyidwa mwamantha ngati mankhwala a m'maso, ndipo pakatha miyezi itatu zithunzi zojambulidwa zimakhala ziwiri zokha.

Ine maganizo anga ndi akuti penti woyenera woyamba kumene ndi amene angamulole kujambula kawirikawiri, m'chipinda chimene ali nachocho, ndi ndalama zimene amapezazo. Zambiri zimene timasirira mwa akatswiri, monga kuyala kuwala ndi mthunzi, kuimika anthu pachithunzi, ndi kusankha mitundu yochepa yomvana, zimaphunzirika ndi penti aliyense. Komabe zilipo zina zimene penti wina amakana kuchita, ndipo zimenezo ndizitchula pamalo pake kuti musadzavutike ndi chinthu chosatheka.

Zoti muyambe mwaganizira

Choyamba ndi mtengo, koma musawerengere penti yekha. Werengerani chojambulapo, maburashi, chosungunulira ndi chotsukira. Mitengo ya katundu wochokera kunja ikusintha pafupipafupi, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho chothandiza n'kuona kuti njira iti ikudya ndalama zambiri poyerekeza ndi inzake.

Chachiwiri ndi kapezekedwe. Penti woyera ndiye amayamba kutha nthawi zonse. Dzifunseni kuti akatha Lachitatu, mukamupeza paboma panu kapena mudikira wina wopita ku Johannesburg?

Chachitatu ndi kasamalidwe: nthawi youmira, kutsuka maburashi, kusunga zithunzi m'dzinja. Chachinayi ndi zoopsa, pa thanzi lanu ndi la ana, pa nyumba, ndi pa chithunzi chenichenicho. Pa penti aliyense ndiwonjezeranso akatswiri amene mungaphunzire kwa iwo mosavuta ndi pentiyo.

Zonsezi zimadalira malo amene mujambulirepo. Malangatana, katswiri wa ku Mozambique amene anamwalira mu 2011, anakulitsa luso lake m'galaja imene Pancho Guedes, wolemba mapulani a nyumba, anamubwereka ku Lourenço Marques, kumene lero ndi ku Maputo. Inunso khonde lakumbuyo kapena ngodya ya pabalaza ikhoza kukwanira, bola kuwala kukhale kokhazikika. Malangizo ochokera ku Ulaya amati zenera la chipinda chojambulira liyang'ane kumpoto. Kwa ife kuno n'zosiyana. Miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadutsa chakumpoto kwathu, choncho zenera loyang'ana kummwera ndilo limapereka kuwala kosasinthasintha. Cha mu Disembala dzuwa limapendekera kummwera pang'ono, ndipo kansalu koyera kopyapyala pazenera kamathandiza. Usiku babu lachikasu limanamiza maso: mtundu umene mumauona ngati wabwino umadzaoneka wina kukacha. Ngati nthawi yanu ndi ya usiku yokha, gulani babu loyera la LED, ndipo magetsi akathima jambulani ndi makala kapena pensulo, zosakaniza mitundu zidikire.

Watercolour ndi gouache

*Mtengo.* Kabokosi ka mitundu 12 kamakhalitsa miyezi yambiri, ndipo chosungunulira ndi madzi a pamjigo. Ndalama zimathera pa pepala. Pepala la fotokope limakwinyika likangonyowa, penti n'kudikha m'makwinyamo. Lofunika ndi pepala lochindikala la 300 gsm, ndipo la thonje ndilo labwino koposa koma ndi lodula. Dulani pepala lalikulu panayi, ndipo jambulani mbali zonse ziwiri.

*Kapezekedwe.* Timabokosi ta ana asukulu tili m'sitolo iliyonse ya zolembera, koma mitundu yake imatuluka yotuwa chifukwa muli zosakaniza zambiri kuposa utoto. Wabwinoko, monga Cotman wa Winsor & Newton, amapezeka mwa apo ndi apo m'mizinda. Ubwino wake ndi wopepuka, moti munthu wochokera kunja akhoza kukutengerani m'thumba la jekete. Pepala ndilo limasowa kwambiri.

*Kasamalidwe.* Palibe wosavuta kuposa uyu. Burashi mumatsuka ndi madzi, penti wouma m'mbale amadzukanso mukadonthezera madzi mawa lake. Vuto lili pa zithunzi zomalizidwa: chinyezi cha m'dzinja chimabweretsa chuku, mphemvu zimanyambita utomoni umene umamanga pentiyu, ndipo chiswe sichikana pepala. Zisungeni zogoneka, pamwamba, muli pepala loyera pakati pa chithunzi ndi chinzake. Chopachika pakhoma chimafuna galasi, ndipo galasi ndi felemu nthawi zina zimadula kuposa penti yense amene munagwiritsa ntchito.

*Zoopsa.* Pa thanzi n'zochepa, kungoti musamasongole burashi ndi milomo. Choopsa chenicheni n'kugwa ulesi. Watercolour salola kubwerera m'mbuyo. Poyera pa chithunzi ndi pepala lenilenilo limene mwalisiya osapaka, ndipo mukadetsa mwadetsa. Munthu amene akufuna kukonza nkhope kasanu asanakhutire amathera ndi matope.

N'chifukwa chake ndimakonda kulozera anthu ku gouache, m'bale wake wochindikala amene amaphimba zimene zili pansi, ndipo penti wa poster wa kusukulu ndi mng'ono wake wotchipa. Musamupeputse. Gerard Sekoto wa ku South Africa anayamba ndi mapenti a madzi otere asanaphunzitsidwe oil ndi Judith Gluckman ku Johannesburg, ndipo mu 1940 Johannesburg Art Gallery inagula chithunzi chake, koyamba kugula ntchito ya munthu wakuda. George Pemba wa ku Port Elizabeth nayenso anatchuka ndi watercolour asanasamukire ku oil. Ku America, Jacob Lawrence anajambula zithunzi 60 zofotokoza msamuko wa anthu akuda kuchoka kummwera kupita kumpoto, mu 1940 ndi 1941, ndi penti wa casein amene amauma mosawala mofanana ndi gouache. Anayala matabwa onse pamodzi n'kumapaka mtundu umodzi pa onsewo asanatenge mtundu wina, kuyambira wakuda, kuti zonse zimvane. Njira imeneyi mukhoza kuiyesa sabata ino ndi makatoni anayi komanso mitundu isanu ya poster.

Acrylic

*Mtengo.* Ndi wapakatikati. Amatha msanga kuposa watercolour chifukwa amapakidwa mochindikala, ndipo wotsala pambale akauma sadzukanso. Koma samasankha pogona: katoni, hardboard, nsalu ya kaliko, thabwa, khoma, ponseponse amagwira. Apa ndiye pamene mumabweza ndalama zanu. Timachubu ta 12 ml ta m'mabokosi amphatso n'tonyenga, chifukwa toyera timatha pa chithunzi chimodzi. Ndi bwino kugula mabotolo kapena machubu akuluakulu asanu okha: woyera, wachikasu, wofiira, wa buluu ndi wa bulawuni woderako.

*Kapezekedwe.* Mwa mapenti onse a akatswiri, uyu ndiye amapezekako ku Blantyre, Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, ngakhale lero mukhoza kupeza mtundu uwu mawa n'kuusowa. Wa ku South Africa monga Dala amafika ndi oyenda pabasi. Pogula tembenuzani chubu muone tizilembo ta utoto: PW6 ndi woyera wa titanium, PB29 ndi buluu wa ultramarine, PY42 kapena PY43 ndi chikasu cha dothi, PR101 ndi kufiira kwa dothi. Amenewa sasuluka padzuwa. Chubu chopanda chilembo chilichonse muchiyese kaye: pakani mizere papepala, phimbani theka ndi katoni, ikani pazenera mwezi umodzi kapena iwiri, kenako vundukulani muone.

*Kasamalidwe.* Apa pali nkhani. Acrylic amauma pa mphindi 10 mpaka 30, ndipo m'kutentha kwa Okutobala, ku Chikwawa kapena ku Salima, amauma muli pakati posakaniza. Mankhwala ake ndi kabokosi kapulasitiki kosaya kokhala ndi chivindikiro. Yalani kansanza konyowa pansi, pamwamba pake pepala lophikira makeke, ndiye finyirani penti papepalapo. Chinyezi chimakwera pang'onopang'ono, penti n'kukhala wofewa tsiku lonse, ndipo mukavindikira amafika mawa. Kansanzako muzikachapa kasanayambe kununkha chuku. Botolo lopopera madzi, ngati la kusaluni, likhale pafupi. Burashi isagone ndi penti ngakhale pa nthawi ya nsima yokha, chifukwa acrylic akaumira m'munsi mwa ubweya burashiyo yatha. Zithunzi zomalizidwa musazisanjike nkhope ndi nkhope, kukatentha zimamatirirana n'kusupukana.

*Zoopsa.* Fungo ndi lochepa ndipo safuna thinner, choncho ndi woyenera m'nyumba mmene muli ana. Pa chovala sachoka. Komanso amadako pang'ono akauma, moti khungu limene munasakaniza bwinobwino limadzaoneka loderapo pakapita theka la ola. Zimenezi zimazolowereka. Chimene acrylic amakana ndi kusungunula mtundu wina kulowa mu unzake pang'onopang'ono, monga mmene tsaya limapendekera kulowa mumthunzi pa zithunzi za oil zakale. Zimatheka ndithu ndi mikwaso yambiri yopyapyala, koma si njira imene akatswiriwo ankatsata.

Oti muphunzireko ndi amene amayala mitundu yoyera bwino, yokhala ndi malire. David Hockney anasankha acrylic pojambula madamu osambira a ku California, ndipo pa chithunzi chake cha 1967, A Bigger Splash, kuthovoka kwa madzi kokha kunamutengera pafupifupi masabata awiri ndi timaburashi tating'ono. Chéri Samba wa ku Kinshasa anayamba ndi kulemba zikwangwani, ndipo mpaka pano amalemba mawu pazithunzi zake za moyo wa m'tauni. Aliyense amene akufuna kujambula msika wa Ndirande kapena depoti ya minibasi aphunzirapo zambiri kwa iye. Esther Mahlangu, mayi wa Chindebele wobadwa mu 1935, anaphunzira kukongoletsa makoma kwa mayi ake ndi agogo ake, kenako anatengera luso lomwelo pachinsalu ndi acrylic, mizere yake akuwongola ndi nthenga za nkhuku popanda rula.

Oil wa m'machubu

Chenjerani pogula: ku hadiweya mukangoti penti wa oil akupatsani wa m'chitini wopaka zitseko, amene ndimukamba pamunsipa. Apa ndikunena wa m'machubu, wosakanizidwa ndi mafuta a linseed.

*Mtengo.* Ndiye wodula kuposa onse poyambira. Kupatula machubu mufunika mafuta a linseed, turpentine, maburashi olimba, ndi chojambulapo chokonzedwa bwino. Koma pali njira yochepetsera. Anders Zorn wa ku Sweden, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1860 mpaka 1920, amadziwika ndi kujambula anthu ndi mitundu inayi yokha: woyera, wakuda, chikasu cha dothi ndi wofiira. Wakuda mukamusakaniza ndi woyera amaoneka ngati buluu akayandikana ndi mitundu yofunda, ndipo wakuda ndi chikasu amatulutsa kubiriwira kwa msipu wofota. Pa khungu lathu lakuda onjezani bulawuni wa burnt sienna ndi buluu wa ultramarine, chifukwa pamphumi ndi pamasaya khungu limabweza kuwala kwa thambo. Machubu asanu ndi limodzi amenewa akhoza kukuphunzitsani kwa chaka chathunthu, ndipo penti wotsala pambale sauma lero lomwe, choncho wotayika ndi wochepa.

*Kapezekedwe.* Ndi wosowa. Kunja kwa mizinda ikuluikulu musayembekezere kumupeza, ndipo ambiri amachita kuitanitsa. Linseed wa ku hadiweya, wopaka matabwa uja, amadetsa mitundu ndi kuichititsa chikasu pakapita nthawi. Mafuta ophikira a mtedza musawayese n'komwe posungunulira, sauma.

*Kasamalidwe.* Chithunzi chimatenga masiku angapo, nthawi zina kupitirira sabata, kuti chisamamate m'manja, ndipo vanishi amadikira miyezi 6 mpaka 12. Masiku onsewo fumbi la m'chilimwe likutera, ndipo mvula yoyamba ikagwa ngumbi zotsata nyali zimadzamatirira pankhope imene mwavutikira tsiku lonse. Tembenuzirani chithunzi kukhoma, chotsamira, mutaika timitengo kuti chisakhudze. M'nyengo ya chiperoni ku Thyolo ndi Mulanje chimachedwerapo kuuma. Nsalu kapena thabwa liyambe lapakidwa gesso, penti woyera wokonzera chojambulapo, kawiri kapena katatu, chifukwa mafuta akalowa mu ulusi amauwoletsa pakapita zaka. Lamulo lina losaphwanyika: mikwaso yoyamba ikhale yosungunuka ndi turpentine, yapamwamba ndiyo ikhale ndi mafuta ambiri. Mukatembenuza, pamwamba pamauma msanga kuposa pansi, chithunzi n'kuchita ming'alu. Mukhoza kuyala maziko ndi acrylic n'kumalizitsa ndi oil, koma acrylic pamwamba pa oil amasupuka.

*Zoopsa.* Nthunzi ya turpentine imapweteketsa mutu ndi chifuwa, ndipo m'chipinda chogona chotseka mawindo si malo ake. Maburashi mukhoza kupukuta ndi kansanza, kuwaviika m'mafuta ophikira, kenako n'kuwachapa ndi sopo wamtanda mpaka thovu liyere, osakhudza turpentine n'komwe. Chinthu chimene ambiri sachidziwa n'chakuti nsanza zonyowa ndi linseed zikaunjikana zimatentha zokha mpaka kuyaka moto. Ziyanikeni panja chotambasula, kapena zivikeni m'chitini cha madzi. M'nyumba ya udzu zimenezi si zoseweretsa. Mitundu yolembedwa pachubu kuti cadmium kapena cobalt ili ndi poizoni, musadye mukujambula.

Ngakhale zili choncho, ngati mtima wanu uli pa Rembrandt wa ku Holland, Sekoto wa m'zaka zimene ankakhala ku Eastwood ku Pretoria, kapena Henry Tayali wa ku Zambia, oil ali ndi zimene angakuuzeni zomwe penti wina sanganene. Amakupatsani tsiku lonse loti mukankhe mtundu uku ndi uku, kupala ndi mpeni, kuyambiranso. Kwa munthu woganiza mofatsa, kuchedwa kuumako ndiko ubwino wake.

Enamel wa m'zitini

*Mtengo.* Pa lita, palibe wa m'machubu amene angapikisane naye. Tizitini tating'ono tinayi kapena tisanu timajambula zithunzi zambiri. Onjezanipo mtengo wa turpentine kapena thinner, amene amatha msanga.

*Kapezekedwe.* Apa ndiye mfumu. Hadiweya ya pa Jenda, Lizulu kapena Ntaja ili naye, pamodzi ndi hardboard. Edward Saidi Tingatinga anaona mwayi womwewu ku Dar es Salaam mu 1968. Analibe maphunziro a zojambula, anatenga penti wopaka njinga ndi zidutswa za matabwa a siling'i zambali zinayi zofanana, n'kuyamba kujambula nyama ndi mbalame zimene ankagulitsa pafupi ndi masitolo a ku Oyster Bay. Anajambula zaka zinayi zokha, chifukwa mu 1972 anaphedwa ndi chipolopolo cha apolisi amene anaganiza kuti galimoto imene anakwera inali yobedwa. Koma anali ataphunzitsa achibale ake, ophunzirawo anaphunzitsa ena, ndipo mpaka lero kalembedwe kameneka kamatchedwa ndi dzina lake.

*Kasamalidwe.* Enamel amayenderera, choncho thabwa ligonekeni pansi kapena patebulo. Yambani ndi maziko, muwasiye aume usiku wonse, mawa muike thupi la nyama, mkuja madontho ndi mizere. Mukafulumira, mtundu wapansi umadzuka n'kusakanikirana ndi wapamwamba. N'chifukwa chake ojambula ndi enamel amayendetsa zithunzi zingapo nthawi imodzi. Chitini chikakhala chosatseka bwino chimachita chikopa pamwamba: pukutani mkombero, khomani chivindikiro, ndipo tungani ndi supuni penti wa tsikulo m'kachitini kena. Chithunzi chikauma ndi cholimba, chimapukutika ndi kansanza konyowa, ndipo mphemvu sizichifuna.

*Zoopsa.* Izi ndizo zazikulu pa mapenti onse. Fungo lake ndi lamphamvu ndipo limakhalitsa, thinner amayaka msanga, moti pafupi ndi mbaula kapena kandulo musayerekeze. Chachiwiri ndi mtovu. Kafukufuku amene bungwe la Lead Exposure Elimination Project linachita m'Malawi muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 anapeza mtovu wopitirira muyeso wa 90 ppm (magawo 90 pa miliyoni) m'mapenti oposa theka a mtundu uwu amene anayezedwa. Kuyambira pamenepo pakhala ntchito yothetsa vutoli, koma zitini zakale zikhoza kukhalapobe m'mashelefu. Mtovu umapezeka kwambiri m'mitundu yowala ya chikasu, yofiira ndi yobiriwira, ndipo umawononga ubongo wa ana ngakhale utakhala wochepa. Funani chitini cholembedwa kuti mulibe mtovu, musapale penti wouma ndi sandipepa, ndipo mayi woyembekezera asakhale pamalopo. Pa chithunzi chenichenicho, woyera wake amachita chikasu pakapita zaka, ndipo pansalu yopindidwa amasweka.

Mphunzitsi wa enamel simufunika kumusaka pa intaneti. Ali pamsika, akulemba chikwangwani cha saluni kapena dzina la golosale. Muoneni mmene amatsamiritsira dzanja pa kamtengo kuti mzere usanjenjemere, ndi mmene amayezera kusungunuka kwa penti poona mmene akudonthera kuburashi. Mupempheni mwaulemu kuti muziima pambali Loweruka, mumugwirireko makwerero. Ola limodzi pamenepo limaposa mavidiyo ambiri.

Dothi ndi PVA wopaka makoma

*Mtengo.* Dothi ndi laulere, mumangogula guluu woyera wa matabwa. PVA woyera wa lita imodzi pamodzi ndi timabotolo ta utoto wosinthira mitundu amakwana zithunzi zikuluzikulu zingapo.

*Kapezekedwe.* Katondo wofiira, makande akuda, dothi lachikasu la m'mbali mwa msewu pamene anagumula phiri, dothi loyera la kudambo, mwaye ndi makala. Amayi amene amazira ndi kukongoletsa nyumba amadziwa kale pamene mtundu uliwonse umapezeka, afunseni. Mapenti odula a ochre, sienna ndi umber ndi dothi lomweli loyengedwa. Ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zinapakidwa ndi zochokera m'nthaka. Kumeneko pitani mukaone ndi maso okha, osakhudza kapena kutapa kanthu.

*Kasamalidwe.* Ntchito ili pa kuyenga. Yanikani dothi, sinjani, sefani. Thirani m'ndowa ya madzi, takasani, dikirani kamphindi kuti mchenga utsike, ndiye tsanulirani madzi amtunduwo m'ndowa ina. Agone usiku wonse. M'mawa khuthulani madzi oyera apamwamba, ndipo phala losalala lotsala pansilo ndiwo utoto wanu. Liumitseni, lisungeni m'mabotolo, ndipo patsiku lojambula sakanizani pang'ono ndi guluu wosungunula ndi madzi. Dothi lachikasu mukaliotcha m'phale limafiira, pa chifukwa chomwe njerwa zimafiirira mu uvuni.

*Zoopsa.* Guluu akachepa penti amayoyoka, akachuluka amanyezimira n'kuda. Yesani pakatoni, kakauma tikitani ndi chala. Phala la chinangwa limamanganso, koma limaitana mphemvu ndi chuku. Posinja mangani kansalu kukamwa ndi mphuno. Buluu ndi kubiriwira kowala m'dothi simuzipeza, mudzagulabe. Mitundu ya dothi siisuluka padzuwa, koma utoto wina wosinthira PVA umasuluka, ndipo PVA akapakidwa mochindikala pansalu amachita ming'alu.

Kutsanzira katswiri

Penti aliyense amene mungasankhe, kutsanzira ndi sukulu yakalekale. Mu 1889 ndi 1890, ali m'chipatala ku Saint-Rémy ku France, Vincent van Gogh anajambula zithunzi pafupifupi 20 motsanzira Jean-François Millet, wojambula alimi ali kumunda. Zithunzi zenizenizo analibe, anali ndi zosindikiza zopanda mitundu, ndipo mitundu ankaika yake. Ine ndimaona kuti imeneyi ndiyo njira yotiyenera ife amene akatswiri timawaonera pakagalasi ka foni, pamene mitundu ndi kukula kwake sizioneka zoona. Sinthani chithunzicho chikhale chakuda ndi choyera, chijambuleni kakang'ono ndi mithunzi itatu yokha, kenako tengani kayalidwe komweko mujambule amayi akupeta pakhomo panu. Ndipo mukapeza mpata pitani mukaime pamaso pa ntchito yeniyeni, kaya ndi makoma a Chamare Museum ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni Centre mu 1976, kaya ndi ku Henry Tayali Gallery ku Lusaka. Chimene mwatsanzira lembani kuseri kwake dzina la mwini luso, ndipo musachigulitse ngati chanu.

Ndani atenge uti

Ngati mukukhala m'chipinda chimodzi cha lendi, mogona ndi mophikira momwemo, kapena muli ndi ana aang'ono, tengani gouache kapena acrylic, enamel ndi turpentine zisalowe m'nyumbamo. Wogwira ntchito amene amapeza ola limodzi madzulo atenge acrylic pa hardboard yodulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, kuti chithunzi chizitha tsiku lomwelo. Woyendayenda, wokonda kukhala pagombe ku Nkhata Bay kapena pansi pa mtengo kumsika n'kumajambula zimene akuona, watercolour ndi kabuku ka pepala lochindikala zimukwanira.

Amene ali kutali ndi tauni, koma ali ndi khonde lopita mphepo ndi pokhoma zitini kuti ana asazifike, enamel amutumikira bwino, makamaka ngati akufunanso kumapeza kangachepe polemba zikwangwani. Popanda malo otero, dothi ndi guluu ndiyo njira, ndipo kwa mphunzitsi amene ali ndi ana 80 m'kalasi ndiyo yokhayo yotheka. Wofuna kujambula zikuluzikulu, za pakhoma la tchalitchi kapena la sukulu, ayale ndi PVA n'kumalizitsa ndi acrylic pamene pakufunika mtundu wowala.

Oil ndimamusiyira munthu amene wajambula kale nkhope zambiri ndi makala ndi acrylic, amene ali ndi chipinda kapena shedi yoti chithunzi chiumiremo sabata osasunthidwa, komanso njira yodalirika yopezera woyera akatha. Ameneyo ayambe ndi machubu asanu ndi limodzi aja, pa timatabwa tosaposa pepala la A4, maziko atayala ndi acrylic amene ali naye kale.